Gemu ikatsekeredwa m'sitolo imodzi: yankho langa pa mkangano wa Epic ndi Steam

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu owerenga, mnyamata amene akuphunzira ku Zomba. Dzina sinditchula chifukwa sanandipatse chilolezo. Nkhani yake ndi yakuti iye ndi msuweni wake akhala akukokanakokana kwa miyezi ingapo. Msuweniyo analumbira kuti pulogalamu ya Epic Games Store, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, sidzalowa mu laputopu yake zivute zitani, chifukwa a Epic amalipira opanga magemu kuti asagulitse pa Steam, sitolo ina yotere, ndipo kwa iye kumeneko n'kulanda anthu ufulu wosankha. Wolemba imeloyo akuti iye Lachinayi lililonse amatenga gemu yaulere pa Epic ndipo sakuonapo vuto, popeza Steam yadya msika yokha kwa zaka zambiri popanda woigwedeza. Mafunso ake ndi awiri: akulondola ndani, ndipo kodi agule gemu ya Alan Wake 2 pa Epic kapena adikire kuti idzafike pa Steam?

Achimwene, zikomo pondilembera. Funso lachiwirilo ndiliyankha kumapeto, chifukwa yankho lake latsamira pa loyamba. Ndinene pano kuti nkhaniyi imandikhudza, ndipo maganizo anga pa iyo asintha kangapo kuyambira 2019.

Tiyambe ndi chinthu chimene msuweni wanu mwina anachiiwala, kapena anali wamng'ono pamene chinkachitika. Steam nayo sinalowe m'makompyuta a anthu mwa kuwanyengerera. Kampani ya Valve, ya a Gabe Newell, inatsegula Steam mu September 2003, ndipo gemu yawo ya Half-Life 2 itatuluka mu November 2004, aliyense wofuna kuisewera anayenera kuika Steam ndi kutsegula akaunti, ngakhale amene anagula gemuyo pa disiki m'sitolo. Anthu anadandaula kwambiri. Koma anaiika, chifukwa ankafuna gemuyo. M'kupita kwa zaka Steam inakonzedwa, inayamba kugulitsa magemu a makampani ena, ndipo inakhala nyumba ya pafupifupi aliyense wosewera pa kompyuta. Pa gemu iliyonse yogulidwa pamenepo, a Valve ankatengapo 30 peresenti.

Ndalama imeneyi ndiyo phata la mkangano wonse. Kale magemu akamagulitsidwa m'mabokosi, wopanga ankataya gawo lalikulu kwa osindikiza madisiki, onyamula katundu ndi eni masitolo, choncho 30 peresenti inkaoneka ngati chifundo. Koma pofika 2018 opanga magemu ambiri ankafunsa kuti kodi kusunga mafayilo pa seva ndi kulandira ndalama za makhadi kumadyadi gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta lawo? Kumapeto kwa chaka chimenecho a Valve anatsitsako: gemu ikapanga madola oposa 10 miliyoni amatenga 25 peresenti, ikadutsa 50 miliyoni amatenga 20. Taonani amene anapumirapo: makampani akuluakulu, amene anali ndi mphamvu zothawa. Wopanga magemu wamng'ono, amene gemu yake sidzafika pa 10 miliyoni, anatsala pa 30 pomwepo.

Patangopita masiku ochepa, mu December 2018, a Epic Games a ku Cary m'boma la North Carolina anatsegula sitolo yawo, matumba ali odzaza ndi ndalama za gemu yawo ya Fortnite. Iwo anati azitenga 12 peresenti yokha. Tiyeni tiwerengere pa gemu ya madola 60, tisanachotse misonkho. Pa Steam wopanga amatsala ndi madola 42. Pa Epic amatsala ndi madola 52 ndi masenti 80. Mukachulukitsa ndi makope masauzande ambiri, kusiyana kumeneku ndi malipiro a antchito a chaka chathunthu. Pa mfundo iyi ine ndili kumbali yanu, achimwene, ndipo sindinasunthepo: a Tim Sweeney, mkulu wa Epic, ananena zoona kuti 30 peresenti ndi yambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani sanangotsegula sitoloyo n'kudikira makasitomala? Chifukwa ena anayesa kale n'kugwa. Discord, pulogalamu yochezerapo osewera magemu, inatsegula sitolo yake mu 2018, n'kulonjeza opanga magemu 90 peresenti, koma sinapite patali. Vuto n'lakuti wogula samva kukoma kwa 12 peresenti ija. Munthu amene ali ndi magemu 200 pa Steam, anzake onse ali pomwepo, zimene anakwanitsa m'magemu zalembedwa pomwepo, angasamukire kwina chifukwa chiyani? A Epic anaona kuti njira yokokera anthu ndi iwiri: kuwapatsa magemu aulere, ndi kuika magemu amene akuwafunitsitsa pamalo amodzi okha. Njira yachiwiriyi ndiyo imatchedwa exclusive. Mu April 2019 a Sweeney analemba pa Twitter kuti a Valve atavomera kupatsa opanga magemu onse 88 peresenti mpaka kalekale, a Epic asiya mapangano otere. A Valve sanasinthe kanthu.

Kuti mumvetse chifukwa chimene opanga magemu ankasainira, ganizirani mlimi wa fodya wa kontirakiti. Kampani imamupatsa zipangizo ndi chitsimikizo chakuti fodya wake adzagulidwa, koma mabelo ake sangapite kwa wogula wina. Mnzake wa pa okushoni ndi womasuka, koma sadziwa chimene akachipeze ku Kanengo. A Epic ankapereka chitsimikizo chotere: ndalama zakuti ngakhale gemu isagulidwe, mwini wake azilandirabe. Kampani ya Digital Bros, mwini wa 505 Games imene inafalitsa Control, inalemba m'malipoti ake a zachuma kuti inalandira mayuro 9.49 miliyoni chifukwa cha gemu ya Control. Kwa kagulu kakang'ono ka anthu amene adya ngongole zaka zitatu akupanga gemu, kalata yotere ndi tulo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Pa Steam pamatuluka magemu masauzande ambiri chaka chilichonse, ndipo ochuluka amamira osaonedwa ndi munthu. Sindingamuweruze munthu amene anasankha fodya wa pamphuno.

N'chifukwa chake zimene zinachitikira anthu awiri opanga Ooblets mu August 2019 zimandipwetekabe mtima. Atalengeza kuti asainirana ndi Epic, analandira mauthenga ambirimbiri achipongwe ndi oopseza. Ena anati kalembedwe ka chilengezo chawo kanali konyoza makasitomala, ndipo mwina pamenepo pali mfundo. Koma palibe chilengezo chimene chingalungamitse kuopseza anthu chifukwa cha malo ogulitsira gemu. Ngati msuweni wanu ali m'magulu a pa intaneti amene amachita zotere, muuzeni atulukemo.

Tsopano ndifike pamene ndimaima limodzi ndi msuweni wanuyo, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa anthu oikira Epic kumbuyo amadutsapo mothamanga.

Gemu ya Metro Exodus inayenera kutuluka pa 15 February 2019. Tsamba lake linali pa Steam kwa miyezi, anthu ankalipiriratu. Kutangotsala milungu yosakwana itatu, kampani yoifalitsa ya Deep Silver inalengeza kuti gemuyo ikuchoka pa Steam ndipo ikhala pa Epic pokha kwa chaka chimodzi. Amene analipiriratu analandirabe gemu yawo pa Steam, koma ena onse anapeza chitseko chotseka. Chakudza sichiimba ng'oma. Funso limene ndimafunsa ndi ili: kodi ndalama za Epic zinawonjezera chiyani pa gemuyo? Anthu a 4A Games, amene anaipanga, anali atamaliza kale ntchito. Palibe msewu, mfuti kapena nkhani imene inabadwa chifukwa cha panganolo. Ndalamazo zinagula chinthu chimodzi chokha, kuti gemuyo isapezeke pamalo ena.

Ya Shenmue III inali yowawa kuposa pamenepo. Mu 2015 anthu wamba anasonkha madola oposa 6 miliyoni pa tsamba losonkherapo ndalama la Kickstarter kuti a Yu Suzuki, amene anayambitsa Shenmue, apitirize nkhani imene inaima kalekale, ndipo ambiri a pa kompyuta ankayembekeza kulandira gemu yawo pa Steam. Mu June 2019 anauzidwa kuti gemuyo ikupita ku Epic. Phokoso litakula, a Epic anavomera kulipira ndalama zobwezera amene anakana. Koma taganizirani: anthu awa sanali ogula wamba, ndiwo anaika maziko a nyumbayo. Kuwasinthira pangano patatha zaka zinayi n'kuphwanya chikhulupiriro. Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ndi gemu ya Phoenix Point chaka chomwecho.

Ndipo sitolo imene anthu ankakankhidwirako inali yosamalizidwa. Msuweni wanu akamati vuto si kuika pulogalamu ina yaulere chabe, akunena zoona. Epic Games Store inakhala mpaka December 2021 ilibe ngakhale dengu logulira, moti munthu wofuna magemu anayi ankalipira kanayi. Pa Steam munthu amawerenga ndemanga za ogula anzake asanataye ndalama, amapeza mabwalo okambirana pamene gemu yakanika kutseguka, amapeza zowonjezera zopangidwa ndi osewera pa Workshop. Kuyambira 2018 a Valve akhala akukonza Proton, imene imachititsa kuti magemu a Windows aziyenda pa Linux (pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta), ndipo Steam Deck ya 2022, kamakina kawo ka m'manja kosewerera magemu, inamangidwa pamenepo. Pulogalamu ya Epic ilibe mtundu wa Linux. A Epic atagula kampani ya Psyonix mu 2019, gemu yake ya Rocket League inasiya kuthandiza Linux ndi macOS chaka chotsatira, kenako inachotsedwa pa Steam kwa osewera atsopano. Zinthu ngati izi ndi mbali ya chimene munthu amagula, ngakhale sizilembedwa pa risiti.

Chinanso, lonjezo lakuti sitolo ikatenga zochepa mitengo idzatsika silinaoneke kwenikweni. Metro Exodus inatsikadi ndi madola 10, koma ku United States kokha. Magemu ena akuluakulu anagulitsidwa pa mtengo womwe uja wa nthawi zonse.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga, achimwene. Mpikisano umene a Epic anayambitsa unali wolimbirana opanga magemu. Wopanga anapatsidwa zosankha ziwiri ndi ndalama pamwamba. Wogula sanafunsidwe. Masitolo awiri akamagulitsa chinthu chimodzi, amakulimbirana iwe, wina akutsitsa mtengo, wina akukonza malo. Koma sitolo imodzi ikalipira kuti inayo isakhale ndi katunduyo, iwe sunasankhe kanthu, wangotsatira kumene katundu wasamutsidwira. Chaka chimene gemu yatsekeredwa, pa gemu imeneyo palibe mpikisano uliwonse.

Ndalama zimene zinapita pa njira imeneyi tinazidziwa mu 2021, pa mlandu wa Epic ndi Apple ku khoti la ku Oakland m'boma la California. Zikalata za kukhotiko zinaonetsa kuti a Epic analonjeza madola pafupifupi 444 miliyoni a chitsimikizo m'chaka cha 2020 chokha, ndipo sitoloyo inaluza madola pafupifupi 181 miliyoni mu 2019. Pangano la Borderlands 3, limene linatsekera gemuyo pa Epic kwa miyezi isanu ndi umodzi kuyambira September 2019, linadya madola oposa 100 miliyoni. Poyerekeza, magemu aulere onse a miyezi isanu ndi inayi yoyamba anawonongetsa madola 11.6 miliyoni basi. Nambala imeneyi imandiganizitsa kwambiri. Chinthu chimene chinapatsa wogula phindu lenileni, chimene inu mumatenga Lachinayi lililonse, chinali chotsika mtengo kwambiri kuposa chimene chinakwiyitsa anthu. Mu May 2020, Grand Theft Auto V itaperekedwa ulere, anthu anakhamukirako mpaka sitoloyo inakanika kutseguka kwa maola angapo. Palibe amene anakakamizidwa tsiku limenelo. Mu November 2023, pa mlandu wina wa Epic ndi Google, mkulu woyang'anira sitoloyo anauza khoti kuti inali isanayambebe kupanga phindu.

Makampani akuluakulu nawo anaonetsa kumene makasitomala ali. Electronic Arts, imene inachoka pa Steam mu 2011 n'kutsegula sitolo yake ya Origin, inayamba kubwerera mu 2019. Ubisoft inasiya kutulutsa magemu atsopano pa Steam mu 2019 n'kubwerera kumapeto kwa 2022. Call of Duty inabwereranso chaka chomwecho. Ambiri mwa magemu otsekeredwa aja anafika pa Steam nthawi yawo itatha: Metro Exodus mu February 2020, Borderlands 3 mu March 2020, Control mu August 2020. Hades, imene inayambira pa Epic tsiku lotsegulira sitoloyo, inatchuka dziko lonse itafika pa Steam ndi pa Nintendo Switch.

Koma msuweni wanu asatenge zimenezi ngati umboni wakuti Valve ndi yoyera. Kukonda Steam sikutanthauza kuti tizilondera chuma cha eni ake. Msika umene uli m'manja mwa kampani imodzi ndi woopsa ngakhale kampaniyo itakhala ya khalidwe labwino lero, chifukwa eni amasintha, malamulo amasintha, ndipo magemu athu onse ali m'nyumba mwawo. Ufulu wobweza gemu pasanathe masiku 14, ngati sunaisewere maola oposa awiri, unabwera pa Steam mu 2015, patapita zaka 12 chitsegulireni, pamene Origin inali itayamba kale kubweza ndalama ndipo bungwe loteteza ogula la ku Australia linali litawatengera a Valve kukhoti. Mu 2021 kampani yaing'ono ya Wolfire Games inasumira Valve ku United States, ikunena kuti a Valve amaletsa opanga magemu kugulitsa motsika mtengo m'masitolo ena. A Valve akukana, ndipo mu November 2024 woweruza analola kuti mlanduwo uimirire opanga magemu ambiri pamodzi. Ngati zimene a Wolfire akunenazo zili zoona, ndiye kuti china mwa zifukwa zimene mitengo sinatsikire pa Epic chili ku Steam komweko. Ndipo phokoso la 12 peresenti silinapite pachabe: Microsoft inatsitsa gawo lake pa magemu a pa kompyuta kufika pa 12 peresenti mu August 2021.

Ndiye ine ndikamva kuti gemu yakutiyakuti ili m'sitolo imodzi yokha, ndimafunsa kuti ndalamazo zinalowa liti. Counter-Strike ndi Dota 2 za Valve zili pa Steam pokha, Fortnite ya Epic ya pa kompyuta simungaipeze pa Steam, ndipo palibe amene amadabwa, chifukwa mwini mbuzi amagulitsa kumene wafuna. Gemu imene sitolo inaipatsa ndalama kuyambira pa chiyambi, imene ikanafera m'mapepala popanda ndalamazo, nayonso sindilimbana nayo. Imene ndimakana ndi ija yolandidwa pakhomo itapsa kale, makamaka ngati anthu analonjezedwa zina. A Epic enieniwo zikuoneka kuti anaphunzirapo. Mu 2023 anayambitsa ndondomeko ya Epic First Run, imene wopanga amalowa mwa kufuna kwake n'kutenga ndalama zonse za malonda kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuyambira June 2025 satenga kalikonse pa madola 1 miliyoni oyambirira amene gemu yapanga pa chaka. Njira zimenezi ndi zabwinopo kuposa za mu 2019.

Pali mbali ina imene anzathu a ku America ndi ku Ulaya akamakangana saiona. Kwa ife kuno, mitengo ya m'masitolo amenewa imabwera m'madola, ndipo chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, gemu yatsopano ya madola 60 ndi chinthu chimene wophunzira sangachiganizire n'komwe. Onjezanipo vuto lolipira ndi khadi kunja, bandulo yodawunilodera magigabaiti ambirimbiri, ndi magetsi amene angazime dawunilodi ili pakati. Kudikira chaka kuti gemu itsike mtengo ndi mmene ambiri a ife timaseweera kale. Choncho kutsekeredwa kwa miyezi 12 sikutiluma ngati mmene kumalumira amene amagula tsiku loyamba, pamene magemu aulere aja amatithandiza kwambiri kuposa iwo. Musachite nawo manyazi. Pitirizani kuwatenga, ngakhale amene simungawadawunilode lero, chifukwa akalowa mu akaunti yanu amakhala momwemo. Ndipo nonse awiri muyang'aneko GOG, sitolo imene inayambira ku Poland mu 2008. Magemu ake alibe loko wofuna intaneti: mumadawuniloda fayilo yoikira gemu kamodzi, n'kuisunga pa hard drive, n'kumaika pa kompyuta yanu nthawi iliyonse popanda netiweki. Kwa munthu wa ku Zomba, zimenezi zili ndi phindu kuposa zambiri zimene Epic ndi Steam akulimbirana.

Tsopano Alan Wake 2. Gemu yoyamba inatuluka mu 2010, ndipo a Remedy a ku Finland anakhala zaka zambiri akufuna kupanga yachiwiri osapeza wowapatsa ndalama. Mu March 2020 a Epic analengeza pangano ndi Remedy: a Epic alipira ndalama zonse zopangira, Remedy ikhalabe mwini wa gemuyo, ndipo ndalama zolowa zikabwezedwa, phindu azigawana pakati. Gemuyo inatuluka mu October 2023, patatha zaka 13. Iyi si nkhani ya Metro Exodus. Palibe amene anailanda pa Steam, chifukwa sinalonjezedwepo kumeneko, ndipo popanda ndalama za Epic mwina sikanakhalapo. Ilibenso tsiku lomasulidwa ngati Control, popeza wofalitsa wake ndi Epic yemweyo, ndipo mpaka pamene ndikulemba pano sinafike pa Steam. Mukadikira mukhoza kudikira mpaka kalekale.

Choncho iguleni pa Epic, mtima uli m'malo, koma dikirani nyengo yotsitsa mitengo, makamaka ya mu December kapena ya chapakati pa chaka. Musanalipire, onani kaye mphamvu za laputopu yanu. Gemuyi imafuna RAM ya 16 GB, malo okwana 90 GB pa SSD, ndi khadi la zithunzi lamphamvu ndithu. Malaputopu ambiri a kusukulu sangainyamule. Epic nayo imabweza ndalama pasanathe masiku 14 ngati simunasewere maola oposa awiri, koma bandulo ya 90 GB palibe amene adzakubwezereni. Mukaona kuti makina anu akwanitsa, muitane msuweni wanuyo adzasewere nanu pa laputopu yanu, popeza lumbiro lake linali la laputopu yake. Mukamaliza mundilembere, ndimve ngati wasintha maganizo kapena waumirirabe.